Nsomba ya ku Norway ya a Friday

"Ine mwana wa ku Kachulu, palibe nsomba youma padziko lino imene ingandikanike!" Anatero a Friday m'khitchini mwawo ku Newcastle, atangobwera kuchokera ku holide m'katauni ka asodzi ku Norway. Anali ataitana akwaya onse kudzalawa nsomba imene anagula kumeneko, nthawi itatsala ola limodzi, pamene akazi awo a Millicent, namwino wosadumpha chilembo, anali chilili ndi pepala la papaketi.

"Bambo a Tiya, apa alemba kuti muviike m'madzi masiku asanu ndi awiri."

"Alembera azungu zimenezo. Ndipatseni poto."

"Siikwana mupoto."

"Iduleni."

"Ndayesa. Yapinda mpeni."

"Mpeni wake wa paundi imodziwo! Inu, katauni kaja mukukakumbuka? Tinyumba tofiira pamwamba pa madzi, nsomba zili lendelende pamitengo ngati zovala, popanda ndi mlonda yemwe! Anthu okhulupirika!"

"Kapena akuba akumeneko amawerenga mapepala."

"Aaa! Nanga mkulu wa m'sitolo uja sanandigwire chanza? Anaona katswiri. Mpaka kundipatsa hamala ya mphatso."

"Anati ndi yomenyera nsombayo."

"Kumenya ndiwo? Yalakwanji?"

"Sanalembe."

A Friday anaiyika pamoto. Fungo linadzaza nyumba, alamu ya utsi n'kuyamba kulira, nsomba ili gwa ngati thabwa.

"Mwamva? Yayamba kupsa."

"Imeneyo ndi alamu."

"Ikupsera m'kati. Nsomba za kozizira zimatero."

"Ndiwaimbire akwaya abwere Lamulungu linalo?"

"Mundiyalutse? Pagulupu ndalemba kale kuti chambo n'chiyani. A Kenneth akuchokera ku Sunderland osadya chiyambire m'mawa, akusungira malo!"

"Ndiye nditereke nkhuku."

"Nkhuku! Munthu kuwoloka nyanja, kusanza njira yonse m'kaboti kaja, mapeto ake kupatsa alendo nkhuku?"

"Paja munati simunasanze."

"Ndinkasuzumira nsomba!"

Belu lapakhomo linalira. Pagalasi panaoneka mitu isanu ndi umodzi, wina atayamba kale kuyeserera besi. A Friday anaitola nsomba ija ndi manja awiri, ngati woimba chitoliro.

"Taonani mmene timadyera kwathu. Mano awa anatsegula mabotolo ukwati wonse wa achimwene!"

"Bambo a Tiya, hamala ili apa..."

A Friday anailuma. Khwa! Kanthu koyera kanagwa pamatailosi, kudumpha kawiri, n'kukaima pafupi ndi fuliji. A Millicent anawerama, kukatola, kukayang'anitsitsa powala.

"Si munga uwu. Ndi lakutsogolo."

Belu linaliranso. A Friday anayang'ana nsomba: ilibe ndi kachizindikiro komwe. Dzanja lili pakamwa, anafunsa motsitsa mawu:

"Mayi a Tiya, papepalapo alemba masiku angati paja?"

"Asanu ndi awiri. Za dzino sanalembe."