Ulendo wa ku Rio Wopanda Masutikesi

Pa siteji ya basi ku Woolwich, mayi ena ochokera ku ntchito yosamalira okalamba anamva mtsikana akukamba za tikiti ya ndege pa foni, m'Chichewa. Kutopa konse kunawathera pomwepo.

"Mukupita kumudzi, achemwali? Mundinyamulireko nsapato za mwana."

"Ayi mayi, ndikupita ku Rio, ku Brazil. Masiku asanu okha."

"Kwagwa zovuta?"

"Ayi, kukangopuma. Kudzuka mochedwa, kuyenda pamchenga, ndikatopa kugonanso."

"Muli ndi abale kumeneko?"

"Ngakhale mmodzi."

"Nanga masutikesi munyamulira ndani?"

"Kachikwama aka basi."

Mayiwo anayang'ana kachikwamako ngati kawatukwana.

"Ine holide yanga ndi ku Lilongwe. Masutikesi atatu, changa ndi mswachi wokha. Kungofika, ndiyambe kupepesa maliro onse a zaka ziwiri, khomo ndi khomo. Ndimabwerera kuno mawu atasasa, mawa lake shifiti. Ndiye inu mukangogona?"

"Tiyeni tidzapitire limodzi chaka chamawa."

"Ine? Amve kwathu kuti ndakwera ndege osanyamula kanthu ka munthu? Basi yanu ndi iyo, kwerani. Ndipo kukagwe mvula masiku onse asanu."