Makutu a Amayi M'chikepe

Magalasi, mtsikana amene ankalankhula bwino kwambiri akakhala yekha, analowa m'chikepe ndi amayi ake ndi sutikesi, ulendo wa kwa azakhali ake amene anali atasamukira pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, pafupi ndi sukulu imene iye anasankhidwirako. Sukuluyo inkatsegulira Lolemba, kwawo kunali kutali, ndipo azakhaliwo akanakana kumusunga, malo akewo akanapita kwa wina.

Chikepe chitangokwera pang'ono, amayi anagwira makutu onse awiri.

"Imitsa! Imitsa chinthuchi!"

"Sichiima pakati, amayi. Chimaima pa nambala."

"Ndiye dina nambala ya kwathu."

"Ya kwathu palibe. Pali ya pansi."

"Dina yomweyo, iwe!"

Magalasi anadina. Chikepe chinamaliza kaye ulendo wake, n'kutseguka pamwamba. Panalibe munthu, koma amayi ananjuta kuseri kwa sutikesi mpaka chitseko chinatsekeka, n'kuyamba kutsika.

"Ayamba," anatero amayi.

"Ndani?"

"Azakhali ako. Akundijeda. Makutu anga angoti tseke. Munthu akamakunena, makutu ndiwo amayamba kudziwa."

Magalasi anakankhira magalasi ake m'mwamba ndi chala. Zimenezi anali ataziphunzira, ndipo anakhoza bwino. Vuto lake linali limodzi: chinthu akachidziwa, ankachinena chonse, ngakhale pamene munthu wanzeru akanangoti "pepani".

"Si azakhali, amayi. Ndi mpweya. Pansi pano mpweya umatipanikiza kwambiri. Tikamakwera umachepa mphamvu. Ndiye m'khutu muli kachikopa kopyapyala ngati ka ng'oma, kuseri kwake kuli mpweya wina..."

"Ine m'khutu mwanga muli ng'oma?"

"Kang'ono."

"Akuimba ndani?"

"Sikaimbidwa. Kamangokankhidwa. Mpweya wa m'kati umakakankhira kunja, chifukwa wa kunja wafooka."

"Wafooka ndi chiyani? Sunadye?"

Chikepe chinaima pansi. Amayi anameza kuti apitirize kulankhula, ndipo anatong'ola maso.

"Phu! Atseguka! Waona? Tangotalikirana ndi pakamwa pake, makutu abwerera."

"Mwameza malovu, n'chifukwa chake."

"Ndameza mawu, mwana iwe. Ndikanawatulutsa, nyumba ino ikanagwa."

"Koma azakhali sakudziwa n'komwe kuti tafika."

"Mazenera onsewo akuchita nawo chiyani? Munthu amakakhala kumwamba ngati khwangwala kuti aziona chiyani? Mitambo? Akuona ine. Akuona nsapato zangazi. Pa ukwati wanga anaziyang'ananso chonchi."

"Nsapato zomwezi?"

"Zina! Koma maso ndi omwewo."

Magalasi anaganiza. Aphunzitsi ake ankati mfundo imafuna umboni, ndipo umboni anali nawo m'mutu mwake momwemo.

"Amayi, anganso anatseka."

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono.

"Akonso?"

"Onse awiri. Ndiye mwaona kuti si..."

"Mayo ine! Akujedanso mwana! Mwana wa mchimwene wake weniweni! Usanalowe n'komwe m'nyumba! Ndiye ndikusiye kumeneko? Nyamula sutikesi."

"Ayi, ndimati zimachitikira aliyense. Aliyense wokwera chikepechi."

"Amajeda nyumba yonse?"

"Ngakhale anthu a m'ndege."

"Mpaka a m'ndege! Ndinkadziwa kuti pakamwa pake ndi patali, koma sindinkadziwa kuti pamafika kumwamba."

"Ngakhale okwera phiri, amayi. Kumene azakhali sanafikeko."

"Ali ndi foni."

Magalasi anayang'ana mabatani. Anakumbukira tsiku lowerenga ndakatulo pamaso pa sukulu yonse, tsiku limene anatsegula pakamwa mawu osatuluka. Anatambasula chala, n'kudina batani la pamwamba. Chitseko chinatsekeka.

"Wachita chiyani?"

"Ndadina."

"Ndaona kuti wadina! Ndakutuma?"

"Tiyesenso. Akatseka, mumeze malovu. Pali kanjira kochokera m'khutu kupita kukhosi. Mukameza kamatseguka, mpweya wa m'kati ndi wa kunja umafanana, ndiye kumamveka phu."

"Ndimeze malovu pakhomo pa azakhali ako? Kuti aziti ndikusirira mipando yake?"

"Ndiye yasamulani."

"Kuti aziti ndabwera ndi njala? Kuti bambo ako sandidyetsa?"

"Ndili ndi chingamu."

"Ine, mayi wa ana akuluakulu, ndifike kwa alamu ndikubzikula ngati mbuzi?"

"Mbuzi sitafuna chingamu."

"Usandiphunzitse za mbuzi! Eee, ayambanso! Uku kwatseka. Ukunso. Lero ndiye wakhala pansi, wapinda miyendo, akundisenda ngati nthochi. Ukulankhula? Sindikumva. Ukumveka ngati uli m'ndowa."

"Ndikuti mezani!"

"Sindimeza! Dina ya pansi!"

Chikepe chinafika pamwamba, amayi ananjutanso, chinatsikanso. Pagalasi la m'chikepemo Magalasi anadziona yekha, diresi imene amayi anamusokera ili yaikulu m'mapewa kuti akuliremo.

"Mkazi ameneyu," amayi anapitiriza, "tiyi wake ndi madzi otsukira kapu. Akaseka, amaseka ndi mano okha. Makatani ake ndinamusokera ndine, koma alendo akafunsa amati anagula m'sitolo. Mafuta onunkhira amadzithira ngati akuthirira dimba."

"Amayi."

"Chiyani?"

"Ngati makutu amatseka munthu akamanenedwa, ndiye kuti a azakhali aphulika pofika pano."

"Ine sindikujeda. Ndikufotokoza."

"Kusiyana kwake n'kotani?"

"Kujeda amachita ndi wina. Kufotokoza ndimachita ine."

Anafika pansi. Amayi anagwira chogwirira cha sutikesi, n'kuponda phazi limodzi kunja. Magalasi sanasunthe. Anagwira mbali ina ya sutikesiyo, maso ali pansi.

"Tiye."

"Ayi."

Mawu amenewa anali asanawanenepo kwa amayi ake. Anatuluka ang'onoang'ono, ngati kamwana ka mphaka.

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, amayi. Ndikufuna sukulu imeneyi. Dzina langa litatuluka ndinakalira kubafa, ndinatsegula mpopi kuti musamve. Azakhali akandijeda, andijede. Ine makutu anga ndikudziwa kuwatsegula kwake."

Amayi sanachotse phazi pakhomo pa chikepe. Chitseko chinayesa kutsekeka, chinagunda phazi lawo, n'kubwerera. Chinayesanso.

"Madzi aja anali iwe? Ine n'kumakalipira mlongo wako."

"Anali ine."

"Hm." Anabweza phazi m'kati. "Kamodzi kokha. Ng'oma yakoyo ikapanda kulira, tikupita kwathu, ndipo ukaphunzira kusoka."

"Chabwino. Akatseka, mutsine mphuno, mutseke pakamwa, kenako mumeze."

"Ndipume ndi chiyani? Ndi zigongono?"

"Ndi kanthawi kochepa."

"Ndikafa, ukauze bambo ako kuti wandipha ndi mlongo wake."

"Ndikanena kuti ndi mpweya."

"Ngakhale pamaliro anga?"

"N'zimene zikhale zoona."

Chikepe chinanyamuka. Manambala anayamba kuyaka limodzi limodzi. Amayi anaima njo, chibwano m'mwamba, ngati munthu wojambulitsa.

"Atseka," anatero.

"Tsinani."

Anatsina mphuno ndi zala ziwiri, anatseka maso, nkhope yonse inakwinyika ngati munthu wodutsa pa dzala. Anameza. Chikepe chinaima. Chitseko chinatseguka.

Azakhali anali ataima pomwepo, makiyi m'manja, mafuta awo onunkhira atafika kale m'chikepe iwo asanalankhule. Anayang'ana zala za amayi. Anayang'ana mphuno.

"Alamu. Kwathu kuno kukununkha?"

Amayi anatsegula diso limodzi. Zala zinakana kuchoka pamphuno.

"Ayi, alamu," anayankha ndi mawu a m'mphuno.

"Ndakhala ndikuthamangira chikepechi kuti ndikakuchingamireni. Chikungokwera, kutsika, kukwera, kutsika. Ndikafika pachitseko, chapita. Ndimati chawonongeka. Kani ndi inu mukulimbana ndi fungo la kwathu?"

"Amatsegula makutu, azakhali," anatero Magalasi.

"Makutu?" Azakhali anapinda manja. "Mwachita bwino kuyambitsa nkhani ya makutu. Ine chisamukire kuno sindinaonepo mtendere. M'mawa ndikamatsika kupita kuntchito, makutu tseke. Madzulo pobwera, tseke. Ndinati, kodi alamu anga sapuma? Ngakhale Lamulungu? Munthu wondijeda m'mawa ndi madzulo, mwana wake ndimusunge bwanji?"

Azakhali sankafunsa Magalasi. Koma funso linali litafunsidwa, ndipo iye funso sankalisiya lopanda yankho.

"Masiku enawo si amayi, azakhali. Koma lero lokha ananenadi za tiyi wanu, ndi za maka..."

Chidendene cha amayi chinatera pa chala chake chachikulu.

"Alamu!" Amayi anachotsa zala pamphuno, n'kuseka ndi mano okha. "Inu, munthu wa mu ofesi, mungakhulupirire zoterozo? Ndi mpweya umenewo!"

"Mpweya?"

"Mpweya! M'khutu mwanumo muli ng'oma. Kang'ono, musaope. Mukamakwera, mpweya wa kunja umafooka, wa m'kati n'kumakankha. Ndiye pali kanjira kopita kukhosi. Mukameza, phu! Basi. Anga angotseguka pompano. Zimachitikira aliyense, ngakhale a m'ndege. Kodi a m'ndege ndimawajeda ine?"

Azakhali anayang'ana amayi, kenako Magalasi, amene ankaima ndi mwendo umodzi. Milomo yawo inanjenjemera ngati ya munthu amene akulimbana ndi chiseko m'tchalitchi. Anawerama, n'kunyamula sutikesi.

"Bedi lako ndayala kale, mwana wa achimwene. Tebulo lili pawindo. Ulowe undifotokozere bwino za ng'omayi, ndiponso za tiyi wanga." Anayamba kuyenda, n'kucheuka. "Koma alamu, zonsezi mumazidziwa? Nanga kukwera ndi kutsika konse kuja kunali kwa chiyani?"

Amayi anakonza diresi la Magalasi m'mapewa, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Ndi mwanayu, alamu. Ndakhala ndikumufotokozera chichokereni pansi paja, koma ana a masiku ano makutu awo ndi otseka."