Aphunzitsi a m'Foni

Ku Senga Bay, dzuwa likuswa mtengo, mayi Kulusumu anasiya usipa wawo pathandala n'kukakhala pachidebe pafupi ndi mnzawo Pauline, mlembi wa amayi a mvano, yemwe anazolowera kulemba chilichonse cholankhulidwa pamsonkhano. Ankafuna kudzudzula mphunzitsi wina wa mbiri yakale wa pa intaneti, koma magalasi awo anali atathyoka.

"Gwirani foniyi, a Pauline. Dzulo Hidaya wanga anabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu. Akuti, 'Amayi, n'zoona kuti Chisilamu chinangobwera ndi ogula akapolo basi?' Wazimva kwa bambo ameneyu. Koma akafika pa amishoni, eee, ndiye sukulu, zipatala, mawu kuzuna ngati uchi. Mayeso a Fomu 4 ali pafupi. Mwana akalembe zotukwana makolo ake?"

"Ndakonzeka," anatero Pauline, zala zili m'malere.

"Lembani kuti: Chikhulupiriro, ndiwe wabodza."

Pauline anaika foni pamiyendo. "Iii, mayi a Hidaya! Zimenezo ine ayi. Ndine wa mvano."

"Chavuta n'chiyani?"

"Chikhulupiriro chabodzacho ndi chiti? Chanu kapena changa?"

"Chikhulupiriro wa m'fonimu!"

"Kwabweranso chachitatu? Amapemphera tsiku lanji?"

"Ndi dzina lake! Dzina la mphunzitsiyo!"

"Ooo. Bwenzi mutatero." Analemba. "Kenako?"

"Muuzeni kuti wapendekera mbali imodzi."

Pauline anayang'anitsitsa chithunzi cha mphunzitsiyo, n'kupendeketsa foni pang'ono. "Apa wawongoka."

"Sindikunena thupi lake! Ndikuti akukondera!"

"Akukondera ndani?"

"Inuyo!"

"Ine?" Pauline anagwira pachifuwa. "Mayi a Hidaya, ine ndili pabanja. Abambo akunyumba asamve zimenezi."

"Inu Akhristu nonse!"

"Tonse? Ndi Akatolika omwe? Ndiye ali ndi mtima waukulu bamboyu."

"Subhanallah!" Mayi Kulusumu anapuma mozama. "Ingolembani zimene ndikunena. Musafunse, musawonjezere, musachotse."

"Ndiyo ntchito yanga imeneyo."

"Aphunzitsi, mbiri ili ndi mbali ziwiri. Agogo athu ankadziwa kulemba ndi kuwerenga kumadrasa, ankachita malonda panyanja pano, inu simunatchule ngakhale..." Anatembenuka. Mbuzi ya eni ake inali itaimika miyendo yakutsogolo pathandala, ikutafuna usipa wa ku Mbenji. "Iwe mbuzi! Wopanda manyazi! Ndevu ngati tsache! Ndikakugwira ndikusenda chikopa! Pita! Pita!"

Anaiponyera patapata, mbuzi inathawa, iwo n'kubwerera pachidebe ali wefuwefu.

"Tinali pati? Tawerengani."

Pauline anakonza kukhosi ngati ali pamsonkhano. "'Inu simunatchule ngakhale iwe mbuzi, wopanda manyazi, ndevu ngati tsache, ndikakugwira ndikusenda chikopa.'"

"Mwalemba zimenezo?"

"Munati ndisachotse."

"Ndimanena mbuzi!"

"Ndinadabwa nanenso. Koma nditaona chithunzi chake, ndevu ali nazodi."

"Fufutani msanga!"

"Kumvano sitifufuta popanda woikira kumbuyo. Komanso yapita kale."

"Yapita kuti?"

"Kwa aphunzitsi. Munati pita. Kawiri."

Mayi Kulusumu anagwira mutu ndi manja onse. "Ndi dzina langa pamwamba! Ndi chithunzi changa cha pa Idi! Shehe akaona ndidzalowera khomo liti kumzikiti? Hidaya anzake amuseka mpaka mayeso!"

"Anthu asanu ndi awiri aikapo kale chala," anatero Pauline mowalimbitsa mtima. "Wina akufunsa ngati chikopacho mugulitse."

Foni inalira kuti tii. Onse anaweramira pomwepo mpaka mitu kugundana.

"Ayankha!" Pauline anawerenga pang'onopang'ono. "'Zikomo mayi. Za ndevu ndamva, ndimeta. Koma chonde onerani gawo lachiwiri.'"

"Kuli gawo lachiwiri?"

Pauline anadina. Mphunzitsi uja anatulukira, ndevu zili zomwezo, n'kuyamba modekha: "Lero titembenukire kwa amishoni. Tione amene anabwera pambuyo pawo: atsamunda, msonkho wa nyumba, minda kulandidwa. Tionenso magule a makolo amene ena mwa iwo ankawatcha a satana..."

Nkhope ya Pauline inayamba kusintha. "Akuti chiyani ameneyu?"

"...ndipo sukulu zina zinkalandira mwana pokhapokha atasintha dzina."

"Bodza!" Pauline anadzambatuka, chitenje chikumasuka. "Nanga chipatala chimene ndinabadwiramo ine anamanga ndi agogo ake? Uyu wapendekera! Wapendekereratu mbali imodzi!"

"Pendeketsani foni," anatero mayi Kulusumu.

"Musandiseke! Akukondera inuyo! Tilembenso ina pompano, yoposa yoyamba ija. Mbuzi ija yalowera kuti? Iitaneni, mawu andithera!"

Mayi Kulusumu anakonza mpango kumutu, anakokera chidebe pafupi, n'kulanda foni m'manja mwa mnzawoyo mwaulemu wonse.

"Khalani pansi, a Pauline, ndipo mundionetse pokwezera mawu. Walahi, munthu wophunzira chonchi akamanena chilungamo sitimudula pakamwa."