Tsiku Limene Mayi Swarbrick Analeka Shuga

Lachinayi pa 8 Malichi 1792, mumzinda wa Lancaster ku England, Mayi Hester Swarbrick, mkazi wamasiye wa mwini chombo, anali ndi maola atatu okha oti akonze nyumba yawo ya padoko. Pa 4 koloko kunkabwera Mayi Cardwell, amene mwana wawo ankafuna kukwatira Susannah, mwana yekhayo wa a Swarbrick, ndipo anali atanenetsa kuti mwana wawo sangakwatire m'nyumba yodya shuga.

Chiyambire Epulo wa chaka chapitacho, pamene nyumba ya malamulo inakana kuthetsa malonda a akapolo ndi mavoti 163 kwa 88, mabanja ambiri anali atasiya shuga wolimidwa ndi akapolo pofuna kukhaulitsa amalondawo. Mayi Swarbrick analibe nazo ntchito za mavoti. Iwo ankafuna mkamwini. Anatumiza Susannah kwa azakhali ake kuti asasokoneze, n'kuitana Enoch, wantchito wawo wa zaka 61, amene kale ankakhoma migolo ya madzi pa chombo cha malemu.

"Chilichonse chimene chinabwera ndi thukuta la kapolo chituluke muno, ndipo chisadzalowenso."

"Chilichonse, Dona?"

"Kodi ndachita chibwibwi?"

Enoch anafunsanso kawiri, ndipo kawiri konse anamuyankha ndi diso. Mzinda wonse unkadziwa kuti Mayi Swarbrick sabweza mawu. Anakhalapo zaka zisanu ndi zinayi osayankhulana ndi mng'ono wawo chifukwa cha tsiku la Pasaka limene iwo eni anawerenga molakwika.

Mayi Swarbrick anakwera kuchipinda kukavala. Potsika anapeza shuga ali pamsewu, monga ankafunira. Pambali pake panali khofi, fodya wa malemu, mabotolo asanu ndi limodzi a kachasu wa nzimbe, ndi mipando isanu ndi itatu. Tebulo lalikulu linali litapingasa pakhomo, Enoch ali pansi pake ngati kamba.

"Tebulolo likupita kuti?"

"Panja, Dona."

"Lili ndi shuga?"

"Ayi. Ndi matabwa a ku Jamaica. Anadula mtengowo ndi akapolo, anaukokera kudoko ndi akapolo. Ndinaukweza ndekha m'chombo mu 1768."

"Nanga Mayi Cardwell amwera pati tiyi?"

"Tiyi alibe mlandu, Dona. Ndi wa ku China. Ndamusiya pansi pafupi ndi moto."

Mayi Swarbrick anatsegula pakamwa kuti anene kuti ankatanthauza shuga yekha. Koma tsidya lina la msewu mkazi wa wogulitsa makandulo anali ataima pakhomo pake manja m'chiuno, ndipo mawindo atatu anali atatsegulidwa kale. Anameza mawuwo. Anauza Enoch mokweza, kuti a tsidya linawo amve, kuti tebulolo linkawatopetsa kuyambira kalekale, ndipo anthu oopa Mulungu amamwa tiyi ali chilili.

Enoch anavomera kuti n'zoona, natulutsa wotchi yaikulu ya pakhoma, poti bokosi lake linali la matabwa omwewo. Anaiimika pamsewu moyang'ana kuwindo kuti Dona aziona nthawi. Inali 2 koloko, ndipo mvula inali itayamba kuwaza.

Makatani anatsatira. Pa makataniwo Mayi Swarbrick analimbana naye, iwo atagwira nsonga ina, iye ina.

"Awa ndinagula ku Manchester. Ku Manchester kuli akapolo?"

"Kuli owomba nsalu, Dona. Thonje silimera kumeneko."

"Limamera kuti?"

"Ili la ku Grenada."

"Walifunsa?"

"Ndalinunkhiza."

"Uli ndi mphuno ya galu, nkhalamba iwe."

"Zikomo, Dona. Tasiyani nsongayo, ing'ambika."

Anasiya, koma anati asiya chifukwa makatani amabisa fumbi. Pofika 3 koloko m'chipinda cha alendo munali moto, tiyi, ketulo, ndi chithunzi cha malemu chopanda felemu, chitatsamira khoma. Mayi Swarbrick anayang'ana uku ndi uku ndipo anayamba kudzitonthoza. Mwina Mayi Cardwell aona kudzimana kumeneku n'kugwetsa misozi. Palibe nyumba ina mu Lancaster imene inafika pamenepa.

Pamene ankaganiza zimenezi anaona kuti Enoch waima patsogolo pawo atawafulatira, maso ali kudenga, dzanja atalitambasulira kumbuyo.

"Wadwala msana?"

"Diresilo, Dona."

"Wati chiyani?"

"Thonje ndi lomwe lija. Utoto wabuluuwo ndi wa ku Carolina. Sindikuyang'ana."

"Ukufuna ndilandire apongozi a mwana wanga ndili maliseche?"

"Ayi, Dona, zimenezo simunalamule. Jekete la malemu ndi la ubweya wa nkhosa za kuno. Ndachotsa mabatani okha."

Mayi Swarbrick anamuuza kuti wachotsedwa ntchito. Enoch anayankha kuti wamva, ndipo anyamuka akangomaliza ntchito imene anapatsidwa asanachotsedwe, popeza lamulo loyamba silinabwezedwe. Anafunsa mwaulemu ngati Dona akulibweza. Funsolo linakhala m'chipindamo ngati utsi. Dona anakwera masitepe, ndipo patapita mphindi khumi anatsika atavala jekete la munthu amene anali wamtali kuwaposa ndi mutu wonse, atalimanga m'chiuno ndi chingwe. Diresi analiponya pawindo okha.

"Tsopano watha?"

"Makomawa anamangidwa ndi ndalama za chombo chija, koma ndiyamba mawa, Dona. Ndilibe makwerero."

"Ndiye watha."

Enoch anavula chipewa, n'kuchigwira chagada patsogolo pawo ngati wosonkhetsa zopereka m'tchalitchi.

"Mano, Dona."

Mayi Swarbrick anatseka pakamwa ndi dzanja. Mano awo onse anali oikirira, osemedwa ndi mmisiri wa ku Liverpool, ndipo ankakhulupirira kuti palibe munthu wamoyo amene ankadziwa zimenezi. Anayankhula kudzera m'zala kuti mano ndi chiwalo cha thupi, si katundu wa m'nyumba.

"Ndi mnyanga wa njovu, Dona. Unabwera pa ulendo wa 1771. Anthu amene anausenza kufika nawo kumtsinje wa Gambia tinawakweza limodzi ndi mnyangawo."

"Sindinakufunse mbiri."

"Tinakweza anthu 168. Ku Jamaica anatsika 139. Ndine ndinkawagawira madzi m'mawa uliwonse, ndiye ndinkadziwa makapu amene atsala." Enoch anayang'ana m'chipewa. "Mnyanga wokha unafika wonse, wopanda mng'alu."

Mayi Swarbrick anali asanamvepo zimenezi. Malemu akabwera ankangonena kuti ulendo unayenda bwino. Kwa kanthawi anamva manowo akulemera m'kamwa mwawo, ndipo sanakonde kumva choncho. Anati m'kamwamo mumawapweteka kale chiyambire Khirisimasi. Anatembenukira kukhoma, ndipo m'chipewa munamveka kugwa kanthu.

Wotchi ya pamsewu inalira kanayi mumvula. Ngolo ya mahatchi awiri inaima patali pang'ono, chifukwa mipando inali itatseka njira. Pawindo lopanda katani Mayi Swarbrick anaona Mayi Cardwell akutsika, mayi wonenepa wovala zotuwa, akulambalala tebulo, akuyang'ana diresi ili m'matope. Anakokera jekete pachifuwa, nawongola msana. Zonse zinali zitapita, koma ukwati unali ukadalipo.

Chitseko chinagogodedwa. Enoch anasuzumira pawindo, n'kubwerera, n'kuima atapinda manja.

"Tsegula," anatero Dona, mawu akutuluka ndi mphepo.

"Sindingathe, Dona."

"Dzanja lakufa?"

"Munati chisadzalowenso."

"Ameneyo ndi munthu, chitsiru iwe, si tebulo. Ndiye mkulu wa amayi onse oleka shuga."

"Shuga analekadi. Koma amuna awo ndiwo ankatisulira maunyolo. Masiku ano amagulitsa miphika ndi makasu, koma chipala n'chomwecho, kuseri kwa msika. Ndinkakatenga ndekha ndi wilibala. A m'miyendo, a m'manja, ndi ang'onoang'ono a ana."

"A Cardwell?"

"Maulendo asanu, kuyambira 1766 mpaka 1775. Mnofu uli pa mayiwo unachokera kumeneko. Inu ndi ine ndimati titulukire limodzi pomaliza, koma iwowa ali kale panja, ndiye ntchito yachepa."

Chitseko chinagogodedwanso, mwamphamvu. Mayi Swarbrick anaima pakati pa chipinda chopanda kanthu. Milungu isanu ndi umodzi anakhala akugwadira mayi ameneyu. Anamvera maulaliki ake awiri okhudza magazi a m'shuga, ndipo m'tchalitchi anamusiyira mpando wakutsogolo. Anafunsa Enoch ngati angalumbire pa zimene wanenazo. Enoch anati angalumbire, ndipo akudziwanso amalinyero atatu amoyo amene angalumbire naye.

Kunja Mayi Cardwell anaitana dzina la Mayi Swarbrick, mvula ikutsikira m'khosi. Mawindo a tsidya lina tsopano anali otsegula onse. Mayi Swarbrick anakwinya mikono ya jekete, namwetulira ndi nkhama zokhazokha kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

"Asiye agogode pang'ono. Kenako uwauze pawindo, mokweza, kuti ife a Swarbrick tikuganizabe ngati tingapereke mwana wathu ku banja lotero."