Ndevu za a Delbert

Loweruka lomwe Akhwangwala, timu ya mumzinda wathu uno ya besibolo, masewera aja omenya mpira ndi ndodo n'kuthamanga kuzungulira ngodya za bwalo, ankalimbirana ukatswiri wa chigawo chakumpoto ndi Abakha, a Delbert Pruszka analowa m'babashopu ya a Virgil Tabb atatchena suti yaukwati, ndevu zili yangayanga mpaka pachifuwa. Madzulo a tsiku lomwelo mwana wawo mmodzi yekhayo, Lorna, ankakwatiwa, ndipo anali atanenetsa kuti munthu wa ndevu ngati tsache samuperekeza kuguwa.

"A Virgil, mundimete," anatero a Delbert akudziponya pampando. "Koma musadule tsitsi ngakhale limodzi."

A Virgil ndi munthu woti ukawauza kuti wafa ndi njala amafunsa kuti maliro ali liti. Anaima chilili, thaulo lili m'manja.

"Ndikumeteni."

"Eya."

"Osadula."

"Mwamva bwino."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Wometa ndinu, ine ndine woyendetsa basi. Ndinayamba ndakufunsanipo kuti ndikhotere kuti?"

"Kumeta n'kudula, a Delbert."

"Zaka zonsezi muli pantchito mukudziwa njira imodzi yokha basi? Takwezani wailesiyo."

A Virgil anakweza. Masewera anali atapita ndithu, matimu onse ali ndi pointi imodziimodzi. Wowina tsikulo ndiye amatenga chigawo.

"Mukuona?" anatero a Delbert akusisita ndevu zawo. "Zikugwira ntchito. Mu Epulo lumo langa linathyoka, ndinapita kubwalo osameta, tinawina. Mawa lake osameta, tinawinanso. Ndinatolera malumo onse m'nyumba, ndi a akazi anga omwe, n'kukaponya mumtsinje. Taonani pomwe tafika lero."

"Ndiye ndevuzi zimasewera?"

"Zimathandiza."

"Zimaponya kapena zimamenya?"

"Aaa, inunso!"

"Ndikufunsa kuti ndidziwe. Pawailesi sindinamvepo akuzitchula."

"Ndati zimathandiza!"

"Osewerawo akuzidziwa?"

"Adziwirenji? Inu mumadziwa zomwe chiwindi chanu chikuchita panopa? Koma chikugwira ntchito."

A Virgil anagwira pamimba pawo, n'kulingalira kaye.

"Chiwindi chili m'kati mwanga. Ndevuzi zili pa inu, timu ili kubwalo. Ndevu sizimenya mpira, a Delbert."

"N'chifukwa chake mulibe anzanu."

"Nanga ukwatiwo munauikiranji tsiku la masewera?"

"Anasankha ndi Lorna, kale mu Janyuwale. Akuti, 'Adadi, tiuike kumapeto kwa Seputembala, nthawi imeneyo timu yanu imakhala itafa kale.' Ndipo mwanayo sananame. Chibadwire chake, Akhwangwala akafika mu Julayi amakhala atayamba kale kukamba za chaka chamawa."

"Mukapanda kumeta?"

"Amuperekeza ndi Orville."

"Alamu anu aja?"

"Musandikumbutse za chilamucho! Munthu wosapota Abakha! Wolowa m'tchalitchi ndi chipewa chojambulidwa bakha! Ameneyo agwire mwana wanga pamkono, ine nditakhala pabenchi ngati wobwera kudzadya keke?"

Nkhani ya Lorna sinali ya masewera. Mwanayo anamuphunzitsa okha kuwakha mpira kuseri kwa nyumba, ndipo mtunda waufupi uja wochokera pakhomo la tchalitchi kukafika kuguwa ankaulakalaka kuposa china chilichonse. Vuto linali loti chigawonso ankachilakalaka chimodzimodzi.

"Ndiye metani," anatero a Virgil.

"Timu iluze?"

"Ndiye musamete."

"Aperekeze Orville?"

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Ndanena kale polowa paja!"

"Tizilowetse m'malaya."

"Ndayesa kunyumba. Ndimaoneka ngati ndameza pilo."

"Tiziluke."

"Ndine hatchi ine?"

"Ndiye ndizipeseko. Kupesa si kudula."

"Pesani. Koma mwaulemu."

Chipeso chitangolowa, kanthu kena kanagwa pansi n'kugubuduka. Nthawi yomweyo woulutsa mawu pawailesi anabuula ngati wapondedwa chala. Womenya wa Abakha anali ataudumphitsa mpira kunja kwa mpanda, anzake awiri ali kale pangodya. Mapointi atatu kamodzin'kamodzi.

A Delbert anadzambatuka.

"Mwachotsa chiyani?"

"Khoko la mtedza."

"Mayo ine! La mu Julayi lija! Tsiku lomwe tinawakwapula Abakha kwawo komwe! Bwezerani!"

A Virgil anawerama, anatola khoko lija, analiuzira fumbi.

"Linali mbali iti?"

"Pansi pa chibwano, chakumanja!"

Analilowetsa bwinobwino, kenako anatchera khutu kuwailesi.

"Sanabweze mapointi aja."

"Apatseni mpata!"

"Akadali anayi kwa imodzi."

"Ndili nawo makutu, a Virgil!"

Mpata unaperekedwa, koma palibe chinasintha. Omenya athu ankangopita n'kubwerera ngati atumidwa kukaona ngati woponya wa Abakha ali bwino. A Delbert anayesa kupinda miyendo, anayesa kuvala chipewa chozondotsa, anayesa kusiya kupuma, zonse osathandiza.

"Ndevu zilipo zonse, khoko labwerera," anatero a Virgil. "Kapena Loweruka sizigwira ntchito?"

"Khalani chete."

Ndime yomaliza inafika. Womenya woyamba anatulutsidwa. Wachiwiri anatulutsidwanso asanaukhudze n'komwe mpira. Kunatsala mmodzi kuti chaka chonse chithere pompo. Foni inanjenjemera m'thumba la suti, a Delbert n'kuwerenga mokweza ndi mawu a munthu wolengeza maliro.

"'Adadi muli kuti? Amalume Orville afika kale, avala ndi tayi yemwe.'"

Anayang'ana wailesi, anayang'ana pagalasi, n'kuusa moyo.

"Metani."

"Ndidule?"

"Dulani! Zindevu zachabechabe! Chilimwe chonse ndakhala ndikuyabwidwa, ana m'basi kumanditchula kuti agogo a Khirisimasi, akazi anga kumagona choyang'ana kukhoma, malipiro ake n'kukhala amenewa?"

"Poyamba paja munati ndisadule ngakhale limodzi."

"Zapoyambazo zinapita ndi timu! Dulani!"

A Virgil ali ndi kametedwe kawo komwe anatengera kwa malemu bambo awo. Amayamba kumanzere, ndipo sawolokera kumanja mpaka tsaya lakumanzerelo litasalala. Makina analira, ndevu zinayamba kugwera pathaulo.

Wailesi inakuwa. Womenya wathu anali ataumenya mpira n'kufika pangodya yoyamba.

"Zangochitika," anatero a Delbert, maso ali otseka. "Pitirizani."

A Virgil anapaka thovu, n'kutenga lumo. Woponya wa Abakha anayamba kuponya mipira yopotoka, womenya wotsatira n'kupatsidwa ngodya yaulere.

A Delbert anatsegula diso limodzi.

Lumo linatsika komaliza, tsaya lakumanzere linawala. Wobwera pambuyo pake anaumenya mpira wokwawa, wa Abakha anaugwira n'kuugwetsa. Ngodya zonse zitatu zinadzaza.

"Imani!"

"Kwatsala kumanja."

"Ndati imani! Musagwedezeke! Akubwera kudzamenya ndani?"

"Akuti Quezada."

"Kalanga ine, Quezada! Chiyambire Ogasiti amangomenya mphepo ameneyo! Koma akangoudumphitsa mpanda ndi mapointi anayi, chigawo n'chathu. A Virgil, tandiuzani, chikuthandiza n'chiyani apa, zomwe zapitazi kapena zomwe zatsalazi?"

"Ine ndanena kale kuti ndevu sizimenya mpira."

"Sindinafunse za chipembedzo chanu!"

"Ndingonena zomwe ndaona ndi maso. Zili zonse, timaluza. Zatsala theka, ngodya zadzaza."

"Ndiye muyeso wake ndi theka! Chaka chonsechi ndimapyola muyeso! Ikani lumolo pansi. Lumbirani."

"Ndilumbire chiyani?"

"Kuti simukhudzanso tsitsi limodzi pankhope pano mpaka Akhwangwala atamaliza kusewera."

"Ngakhale mutandiuza nokha?"

"Makamaka ndikakuuzani ndekha! Ndine munthu wofooka ine, mwaona nokha. Ngakhale ndilire. Ngakhale ndigwade."

A Virgil anaika dzanja pamutu pa mpando uja.

"Ndalumbira pampando wa malemu bambo angawu."

Quezada anaphonya mpira woyamba. Anaphonyanso wachiwiri, mpaka chipewa chinamugwa. Kuphonya wachitatu kukanakhala kutulutsidwa. A Delbert anagwira theka la ndevu lija ndi manja onse awiri. A Virgil, omwe wailesi ankaitsegulira makasitomala chabe, anapezeka atagunditsa khutu pawailesipo, kukamwa kuli yasa.

Kenako kunamveka kuti phwaa!

Woulutsa mawu anasiya kuyankhula chilankhulo cha anthu. Kunja magalimoto anayamba kuliza mahutala, wina anatuluka m'nyumba akumenya poto. A Delbert analumpha ndi thaulo lili m'khosi. Koma chomwe mpaka lero anthu sakhulupirira ndikawauza n'choti a Virgil nawonso analumpha. Munthu yemwe pa ukwati wake womwe anangogwedeza mutu, tsikulo anakuwa, anaponya chipeso kudenga, n'kukumbatira a Delbert mpaka thovu linawamata pamalaya.

"Tatenga! A Virgil, tatenga chigawo!"

"Tatenga, a Delbert!"

"Orville akavule tayi!" A Delbert anapukuta misozi n'kudziponyanso pampando. "Eya, malizani msanga. Mwana akundidikira."

A Virgil anatsuka lumo lija modekha, analipukuta, analiika m'dirowa pamodzi ndi makina ndi sizasi. Anakhoma, kiyi n'kuponya m'thumba.

"Mukutani?"

"Ndikusunga zida."

"Ndati malizani! Amaliza kusewera!"

"Amaliza?"

"Simunamve? Mumalumpha chiyani?"

"Ndamva kuti atenga chigawo. Wotenga chigawo amapita kwawo kukagona?"

"Ayi, amakakumana ndi akatswiri a zigawo zina."

"Liti?"

A Delbert anayang'ana dirowa yokhoma ija.

"Mu Okutobala."

"Ndiye sanamalize."

"Ine ndimanena masewera a lero!"

"Za lero simunatchule."

"Chabwino, ndikutchula tsopano! Mwini nkhope ndine, ndikukuuzani ndekha!"

"Munati makamaka mukandiuza nokha."

A Delbert anadziyang'ana pagalasi. Kumanzere kunali bambo waulemu wake wa mkwatibwi, kumanja kunali munthu woti akakupeza pamsewu umamupatsa chikwama asanapemphe. Anatsika pampando, n'kugwada ndi suti yomwe pa ndevu zawo zomwe zinali mbwee pansi.

"A Virgil, ndagwira mwendo wanu. Tinakulira limodzi."

"Za kugwadazo munanenanso. Kwatsala kulira."

"Ndipita kwa Ambrose patsidyapo!"

A Virgil analoza pazenera. Ambrose, wometa wa tsidya lina la msewu, ankathamanga pakati pa magalimoto ali chifuwa pamtunda, akuzunguza malaya ake m'mwamba.

"Ndikameta ndekha kunyumba!"

"Malumo ali mumtsinje."

"Ndikagula!"

"Kwa ndani? Mwini sitolo ndi uyo akuvina pamwamba pa galimoto yoyerayo."

Foni inanjenjemeranso. A Delbert sanayerekeze n'kuiyang'ana komwe. Anaimirira n'kuwagwira a Virgil m'mapewa.

"Tamverani, munthu wa Mulungu inu. Ndine wamkulu, ndinu wamkulu. Quezada wamenya mpira uja ndi ndodo yake, ndi manja ake. Sakundidziwa, sakukudziwani. Ndevu sizimenya mpira, a Virgil!"

"Zimathandiza," anatero a Virgil.

Anawachotsa thaulo m'khosi, anawasasa tsitsi m'maondo, anawawongolera tayi. Kenako anaweramira pansi pa chibwano kuona ngati khoko la mtedza lija lidakalipo. Linalipo.

"Popita kuguwa, mwana amayenda mbali iti?"

"Kumanzere kwanga," anayankha a Delbert mofooka.

"Ndiye mukudandaula chiyani?" anatero a Virgil akuwatsegulira chitseko. "Tsaya losalalalo ndi la Lorna, thamangani mukamupatse. Latsalali si lanunso ayi, ndi la timu."