Phiri limene linkayenda pa doko la Dar es Salaam

Moni nonse anzanga a m'gulu la mapemphero pasukulu pano, ndi aliyense amene kope langali lamufika m'manja. Ndine Twambilile wa Fomu 3, kwathu ndi ku Chisenga. Ndalemba izi kuti muthokoze nane Mulungu, chifukwa holide yapitayi ndinatsala pang'ono kupondedwa ndi sitima yapamadzi, ine amene ndinali ndisanakwerepo bwato chibadwire.

Azakhali anga amapikula zitenje ku Dar es Salaam n'kumadzagulitsa pa boma. Nditakhoza bwino mayeso a teremu, ananditenga kuti ndikawathandize kunyamula katundu, ndikaonekonso nyanja yamchere. Tinkafikira kwa mnzawo wina, amene mwana wake wamkazi, Neema, amagwira ntchito pamalo obwereketsa timabwato ta pulasitiki pafupi ndi doko. Timabwatoto amatitchula kuti kayaki. Kamodzi kamakwana munthu mmodzi, ndipo nkhafi yake ndi yopalasira mbali zonse ziwiri.

Loweruka m'mawa Neema anandiveka jekete yoyandamitsa n'kundikhazika m'kayaki yachikasu. Chiswahili changa ndi chofunsira mitengo pamsika basi, choncho ankandiphunzitsa ndi manja. Anandilozera mipira yofiira yoyandama pamadzi, kuti ndisaipitirire. Azakhali anakhala pamchenga atagwira nsapato zanga.

"Iwe Twambi, m'madzi mulibe pogwira. Ukamira ndikawauza chiyani amayi ako?"

"Mukawauze kuti ndinali woyamba ku Chisenga konse kupalasa panyanja yamchere, ankhazi!" ndinayankha ndikuseka.

Poyamba ndinkangozungulira pamodzimodzi, chifukwa nkhafi ndinkaikhoma mbali imodzi ngati khasu. Neema anaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma manja atazolowera, kayaki inayamba kundimvera, ndipo chimwemwe chimene ndinali nacho sindingachilembe chonse. Kutsogolo kunali nyumba zazitali zagalasi, pantoni yodzaza magalimoto ndi anthu ikuwoloka, asodzi akukuwizana, ine mwana wa m'mapiri ndili pakati pa zonsezo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nyanja yamchere ili ndi nthawi yake yobwerera m'mbuyo, ndipo ikamabwerera imakoka chilichonse mwakachetechete. Neema anali atapita kukalandira alendo ena. Pamene ndinkacheuka, mipira yofiira ija inali kutali kumbuyo kwanga. Kenaka kunagwa kamvula kowaza, gombe lonse n'kubisika.

Kwathu chifunga chikakupeza pochokera kumunda, umafufuza kumene kuli phiri la Mafinga, ukaliona wadziwa njira. Ndi nzeru imene ndinakula nayo, ndipo ndi imene inandibwerera. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chinthu chachikulu koposa, ndipo ndinachiona: chisitima chakuda ngati khoma, makontena atasanjikizana pamwamba. Mumtima ndinati chinthu chotere sichingakhale chikuyenda, chaima padoko, ndikachifika anthu andikweza. Ndinapalasa ndi mphamvu zanga zonse kulunjika komweko.

Hutala yake italira ndinaimva m'chifuwa. Apo m'pamene ndinaona madzi akung'ambika thovu kumphuno kwake. Chinkayenda, abale, chinkabwera kumene ndinali ine, ndipo ine ndinali nditadzipereka ndekha panjira yake. Ndinayesa kutembenuka, koma nkhafi inapulumuka n'kutengedwa ndi madzi. Ndinakumbuka amayi akundipatsa nthochi zapaulendo, ndinalira. Mawu a pemphero lalitali amene timaphunzira anathawa onse. Ndinangokuwa m'chinenero chimene amayi amapempherera kuti, "Chiuta wane, nivwireni!" ndiko kuti, Mulungu wanga, ndithandizeni.

Ndisanatseke pakamwa ndinamva injini kumbuyo kwanga. Linali boti lamatabwa la asodzi, ndipo kutsogolo kwake kunaima bambo wachikulire wa ndevu zoyera.

"Shika kamba!" anakuwa, akundiponyera chingwe.

Ndinachigwira ndi manja awiri. Anandikoka ngati thumba la chimanga n'kundigwetsera pamulu wa nsomba, mnzawo n'kukhotetsa boti msangamsanga. Chisitima chija chinadutsa, mafunde ake anagubuduza kayaki yanga yopanda munthu kawiri konse ine ndikuona. Bambo aja anandikalipira m'Chiswahili chothamanga, sindinamvepo kanthu. Atatha anandifunditsa shati yawo, anati, "Pole, mwanangu," ndiko kuti pepa mwana wanga, kenaka anayamba kuseka, inenso ndinaseka misozi ili m'masaya.

Titafika kugombe, kayaki tikuikoka pambuyo, ndinapeza azakhali ali m'madzi olekeza m'chiuno, chitenje chatsopano chili chonyowa, Neema akuwagwira kuti asapitirire. Anandikumbatira, anandimenya kambama kapamsana, anandikumbatiranso.

"Woyamba ku Chisenga konse, eti? Ukununkha nsomba, chitsiru changa!"

Neema ndiye anatimasulira zimene bambo aja ankanena. Masiku onse iwo amabwerako kunyanja m'bandakucha, dzuwa likamatuluka nsomba zili kale pamsika. Tsiku limenelo injini inawavuta, anakhala pamadzi maola ambiri akuikonza ndi kudandaula kuti nsomba ziwonongeka. Inadzalira mochedwa, n'kuwadutsitsa pamalo pamene ndinali, pa nthawi imene ndinkakuwa. Azakhali atamva zimenezi anagwada pamchenga pomwepo n'kuyamba nyimbo yoyamika, anthu akutiyang'ana, ife osachita manyazi.

Anzanga, ine ndinalakwitsa ndekha. Ndinapitirira malire amene anandiikira, ndipo pofuna kudzipulumutsa ndinathamangira ku chinthu chimene chikanandipha. Komabe Mulungu sanayembekeze kuti ndikhale wanzeru kaye. Thandizo langa analikonza m'mawa, ine ndisanalowe n'komwe m'madzi. Nchifukwa chake ndikukulimbikitsani, inu amene zinthu zikukuchedwerani, kaya ndi maphunziro, kaya matenda kunyumba, musaleke kupemphera ngakhale ndi mawu atatu okha. Mwina kuchedwa kumene mukudandaula nako lero ndi moyo wa munthu wina.

Dzina la bambo aja sindinalifunse, ndipo zimandiwawa. Koma tsiku lililonse tisanayambe maphunziro ndimawapempherera, ndimati, "Ambuye, dalitsani bambo a injini yovuta aja, inu mukuwadziwa." Ndikupemphani kuti Lachitatu likudzali tikakumana, tidzawapempherere limodzi. Ambuye alemekezeke, ndili moyo. Ameni.