Mwala wa Padoko ndi Mbali Yake Yopanda Mayina

Malemu bambo Leonard Scrimshaw, amene tikuwaperekeza lerowa, anabadwa pa 9 Malichi 1943 m'tauni yathu ino ya Wrayfleet, m'banja la asodzi. Ine amene banja landituma kuyankhula ndine Raymond Maltby, mlamu wawo.

Sukulu sanapite nayo patali. Mu 1958 analowa ntchito kwa mmisiri wosema ziliza, ndipo mayina ambiri amene mwawadutsa panjapo polowa m'tchalitchi muno anagobedwa ndi dzanja lawo. Pa 11 Juni 1966 anakwatira mlongo wanga Doreen, Mulungu n'kuwadalitsa ndi ana awiri, Keith ndi Gillian. Mlongo wangayo ankakonda kunena kuti pa miyala yonse ya pakhomo pawo, wouma kwambiri unali mutu wa amuna ake.

Mu 1985 panatha zaka 350 chichokereni anthu 41 a m'tauni muno pachombo, kukakhazikika ku Amereka. Khonsolo inapempha malemu kuti aseme chipilala chachikumbutso padoko. Mbali yoyang'ana m'tauni anagoba mayina onse, kuyambira la mbusa mpaka la khanda la miyezi itatu. Mbali yoyang'ana kunyanja anaisalaza bwinobwino, koma sanalembepo kanthu. Atafunsidwa, anati kumene makolo athu anakafikako kunali eni ake, amene anawalandira, pambuyo pake n'kulandidwa minda. Mayina a anthu amenewo palibe anawalemba, ndipo iwo sakanapeka dzina la munthu pamwala, choncho anangowasiyira malo.

Pamaliro sitinamizana: ambiri tinakwiya, ine ndemwe. Tinkati atichititsa manyazi pamaso pa alendo a ku Amereka amene amabwera chaka ndi chaka kudzafuna mayina a makolo awo. Kumowa anthu ankaseka kuti zilembo zinawathera panjira. Kwa zaka khumi khonsolo sinawapatsenso ntchito. Loweruka lililonse malemu ankanyamula ndowa ndi burashi kukatsuka zitosi za mbalame pamwalapo, ndipo nthawi zonse ankayambira mbali yopanda mayina.

Mu 2008 anapuma, ntchito n'kuisiya m'manja mwa Gillian, amene anamuphunzitsa okha. Mu 2019 anayamba kubanika, ndipo madokotala anati fumbi la miyala lawononga mapapo.

Chaka chathachi, iwo ali chigonere, khonsolo yatsopano inakonza mawu opepesa kwa eni dziko aja, kuti agobedwe pa mbali yosalalayo. Ntchitoyo anaipereka kwa Gillian. Cholinga chinali chabwino, sindikutsutsa. Koma malemu anati mawu opepesawo ndi athu omwe, ndipo tikawalemba pamenepo ndiye kuti tawalanda anthu aja malo kachiwiri. Zinandipweteka kuona munthu amene kale ankanyozedwa chifukwa chokumbukira eni dziko, tsopano akunenedwa kuti akukana kupepesa. Malemu sanamuumirize Gillian. Anangomupatsa nyundo ndi tchizulo zawo zakale, namuuza kuti dzanja ndi lake. Gillian wakhala miyezi isanu osayankha khonsolo, ndipo bambo ake apita asanamve maganizo ake.

Malemu anatisiya pa 3 Febuluwale 2024 kunyumba kwawo, ali ndi zaka 80. Asiya mkazi, ana awiri ndi adzukulu asanu. Banja likuthokoza anamwino amene ankawayendera kunyumba, asodzi amene anyamula bokosi, ndi amayi a mpingo amene atikonzera tiyi kuholo.

Pomaliza, Gillian wandipempha ndinene izi akuluakulu a khonsolo ali pompano. Zida zija azigwiritsa ntchito kamodzi kokha, pa chiliza cha bambo ake, chimene anasema okha n'kusiya malo a tsiku lomwalira. Mwala wa padoko ukhala mmene uliri.

Tikachoka kumanda, popita kuholo tidzera padoko. Lero ndi Loweruka, ndipo ndowa ija ndatenga ine.

Mzimu wa alamu anga uuse mumtendere.